Kufulatira msewu ku Nsadzo

Ntchito yokonza njinga anandipezera ndi malume, atatopa nane kumunda. Ndinkalima mzere theka, n'kupezeka ndili kwina ndikuyang'ana nyerere. Kwathu ankati ndi ulesi, ena ankati mizimu. Enfermeyira, namwino wa ku Chifunde, ndiye anandiuza kuti ndi vuto lodziwika, loti maganizo sakhazikika pa chinthu chimodzi.

Mesitiri wanga, a Domingo, anandiphunzitsa kumata kamara, chubu cha m'tayala, ndi kumanga mabuleki. Chinandivuta n'kuwongola gudumu. Umalizunguza, kuona pomwe lakhota, n'kumamanga timawaya take, marayo, limodzilimodzi ndi kashave, kasipanala kakang'ono. Tsono ofisina, pomwe tinkakonzera njingapo, inayang'ana kumsewu. Njinga yamoto ikangodutsa maso anga ankapita nayo, pobwerera osadziwanso rayo lomwe ndinasiyira.

"Iwe, manja ali pano, mutu uli ku Cassacatiza," ankatero a Domingo.

Tsiku lina la msika iwo anapita kumaliro, ndinatsala ndekha. Kunabwera bambo atasenza njinga, gudumu lakumbuyo litapindika ngati mbale yopondedwa. Mkazi wawo anali pambuyo atabereka mwana wodwala malungo.

"Mwananga, tikupita nayetu kuchipatala uyu. Wapansi sitikafika."

Mantha anandigwira. Kunali wailesi uku, ogulitsa akukuwa uku, mbuzi yathawa uko. Ndinakokera njingayo kukhoma, n'kufulatira msewu. Ndinatola khala, ndinayambira popopera mpweya, ndipo rayo lililonse lomwe ndamanga ndinkalipaka khalalo. Mutu unathawa, sindinama. Ndinapezeka ndikumvetsera mkangano wa mbuzi ija, shave ili m'manja. Ndinapsa mtima, koma sindinadzuke. Ndinayang'ana pomwe pathera makala, n'kupitiriza. Unathawanso, ndinabwereranso, mpaka gudumu linazungulira osakhudza mabuleki.

Ananyamuka, mayi ndi mwana ali kumbuyo. Patapita masiku bambo aja anadutsa akuliza belu, mwana akutafuna nzimbe. Ndinasangalala koopsa.

Mutu wanga sunasinthe, umathawabe. Ndinasiya kulimbana nawo kuti usachoke, ndimangousiyira chizindikiro choti ukabwera upeze pomwe unasiyira. Lero ndili ndi ofisina yangayanga, ndipo benchi inayang'ana kukhoma. Achilendo amadandaula.

"Aimwe, mukutifulatira eni njinga?"

"Pepani bambo," ndimayankha. "Ndikakuyang'anani, mupita wapansi."