Nyimbo Imene Bambo Anatola ku Namadzi

Bambo anali wotsogolera kwaya pa tchalitchi chathu chaching'ono ku Mbulumbuzi, ndipo ntchito imeneyi ankaikonda kuposa munda. Manotsi sankawadziwa. Nyimbo ankazisunga m'khutu, ndipo khutu lawolo linali lakuba ndithu: chokoma chilichonse chimene lamva, linkabwera nacho kunyumba.

Tsiku lina, dziko litangolandira kumene ufulu, anapalasa njinga kupita ku Namadzi kukagulitsa nandolo. M'sitolo ina wayilesi inkaimba nyimbo ya Chingerezi, mawu a mwamuna mmodzi, yoyenda pang'onopang'ono. Chingerezi bambo sankachimva. Anangomva kufatsa kwake n'kuganiza kuti munthu woimba modzichepetsa chotere ndiye kuti akupemphera. Anabwerera akuimba mluzu njira yonse, kuopa kuti ingawathawe.

Posakhalitsa anaiveka mawu a Chinyanja, opereka kwa Mulungu zokolola za m'munda, ndipo inakhala nyimbo ya pa chopereka. Ine ndinali mtsikana wa m'kwayamo. Ndimakumbukira azimayi atanyamula malichero a chimanga ndi nyemba kupita kuguwa, mapazi awo akutsata nyimboyo, ena misozi ili m'maso. Inafika ku Ndunde, inafikanso ku mishoni. Bambo sankabisa kuti anaitola pa wayilesi, koma ndani ankafunsa?

Chimene sitinkadziwa n'chakuti nyimboyo inapekedwera kanema, ndipo kunja inali itatchuka kalekale, mpaka kukhala pamwamba pa mbale zonse za nyimbo zogulidwa kwambiri. Kwathu zinthu zinkafika ngati zovala za kaunjika, eni ake atatopa nazo.

Kenako kunabwera galimoto ya kampani ina yotsatsa sopo, yoonetsa kanema waulere pabwalo la sukulu. Anapachika chinsalu choyera, dzuwa litangolowa mudzi wonse unali pomwepo. Bambo anawapatsa mpando kutsogolo, mwaulemu. Atatha za sopo, anaika kanema wa azungu. Nkhani yake inali yosavuta ngakhale kwa ife osamva chilankhulo: mwamuna wakwera sitima, mkazi wake wathamangira kwa mwamuna wina. Zopsompsonana ankazidula masiku amenewo, koma pabwalopo akuluakulu anali ambiri, ndipo zodulidwazo ankazidziwa. Awiriwo atangogwirana manja, nyimbo ija inayamba.

Kenako munthu wina kumbuyo anayamba kuimba mawu a bambo aja, a zokolola, ndipo bwalo lonse linafa ndi phwete. Bambo anadzuka n'kumapita kunyumba osacheuka.

Lamulungu lotsatira, Misa itatha, akuluampingo anawaitanira pansi pa mtengo wa mango. Ife a kwaya tinaima chapatali, makutu ali komweko.

"Aphunzitsi a kwaya, mwatiimbitsa nyimbo ya chigololo kuguwa," anatero wamkulu wawo. "Sikuti tikukuthamangitsani ayi. Mungoima pamaso pa mpingo n'kupepesa, nyimboyo ife, kwaya mupitirize."

"Ine ndinatola mbale yabwino pamsewu," anayankha bambo. "Ndinaitsuka, n'kuikamo chopereka. Ndipepese chiyani pamenepa?"

Anawanyengerera, amayi nawonso anayesa kunyumba, koma bambo akati ayi anali ayi. Kwaya inapatsidwa kwa munthu wina. Ine zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinakwiya, chifukwa akulu omwewo ndi amene ankagwedeza mitu nyimboyo ikamaimbidwa. Mulungu anailandira nyengo zonse zija osadandaula, ndiye chinasintha n'chiyani? Bambo sanasiye kupemphera. Ankakhala kumbuyo pakati pa abambo anzawo, pakamwa pali chitsekere.

Patapita zaka, nditakwatiwa, ndinapita kukawaona. Ndinawapeza pakhonde akusema mpini wa khasu. Nkhani ija inali idakandidya mumtima, ndiye ndinaiyamba.

"Bambo, anthu aja anakulakwirani. Nyimbo ija inali yanu, anakulandani."

Anapitiriza kusema mpini uja.

"Mwana wanga, amene anandilanda si iwo aja," anatero. "Akanaletsa chabe, bwenzi ndikuiimba kumunda, ndani akanandigwira pakamwa? Ndinayesa. Koma ndikangotsinzina kuti ndiiyambe, sindionanso guwa. Ndimaona mkazi uja akuthamanga."