Dzanja la a Tembo pa Msewu wa ku Ndola

Tinanyamuka ku Chimwemwe dzuwa lisanawawe, fumbi la chilimwe litakuta Kitwe ngati utsi wa lubani. Amuna anga, a Tembo, anakwera minibasi atabisa dzanja lamanja m'thumba la jekete. Dzanja lomwe linaswa miyala mumgodi unyamata wawo wonse linali litayamba kunjenjemera lokha. Ine ndinkakayikira mapiritsi awo ochepetsa mafuta m'magazi, n'chifukwa chake tinkapita ku Ndola kwa dokotala wa mitsempha.

M'tauni tinasintha basi. "Ikaleni apa, ba tata," anatero kondakitala m'Chibemba, n'kutipanikiza pafupi ndi mayi wina wa ku Garneton wofukata nkhuku.

Pa mlatho wa Kafue madzi anali phee, mitambo ikuyandama m'menemo. Matumba a makala ankadutsa pawindo ngati anthu oimirira m'maloto. A Tembo anayesa kusenda mtedza, koma unkangowapulumuka, nkhuku n'kumatola.

"Amake Tisa," anandinong'oneza, "dzanjali lapeza ntchito. Likuweta nkhuku za eni."

Mayi uja sanaseke. "Ngati mukumwa mankhwala a kuchipatala, atayeni, bambo. Malume anga anayamba chomwechi."

Ndinafinya kabotolo ka mapiritsi aja m'chikwama mpaka tinalowa mu Ndola, maluwa a jakaranda akuthothokera pa denga la basi.

Cha kumasana dokotala, mtsikana wolankhula mofatsa, anawayendetsa m'khonde uku akuwayang'ana mapazi.

"Adokotala, kodi ndi mapiritsiwa?" ndinafunsa.

"Sindikunamizani, mayi. Ena akuganiza kuti zimakhudzana, ena akuti mankhwalawa amateteza. Sizinadziwike bwino. Musawasiyitse panokha, mtima wawo ukuwadalira. Tiwayeze kaye, mudzabwerenso."

Ndinatuluka wolemedwa. Ndinkafuna chinthu choti ndichiloze chala, ndichiponye m'chimbudzi, amuna anga abwerere mwakale. Tinagawana chinangwa chootcha pa siteshoni.

Pobwerera, dzuwa litafiira kuseri kwa milu ya mgodi, a Tembo anagona pa phewa langa. Ndinayang'ana pa bondo lawo. Dzanja lija linali litagona nalonso, zii, osagwedezeka n'komwe. Kunyumba ndimayamba kugona ndine, choncho ndinali ndisanaonepo zimenezi.

Yankho sitinabwere nalo. Koma ndinadziwa kuti nthendayi nayo imatopa n'kuwasiya apume. Ndinalifumbata dzanjalo mosamala, ndipo titafika poti titsike, ndinapempha kondakitala kuti atipitirize pang'ono.