Tsiku Limene Tinatulutsa Mipando kwa Amake Dalitso

Ku Chamboli mvula inkabwera ndi fungo lake. Isanagwe, mphepo inkatsitsira m'makomo mwathu utsi wa kumgodi, uja tinkautchula kuti senta, mpaka kukhosi kumayabwa. Kenako madontho oyamba ankagwera pa fumbi lakuda, ndipo dera lonse linkanunkhira dothi lonyowa, mango owolera pansi pa mitengo, ndi makala a pa mbaula ozima mwadzidzidzi. Mpaka lero ndikamva fungo limenelo, ndimapezeka ndabwerera ku ubwana, ndaima pa mpanda wa maluwa wolekanitsa nyumba yathu ndi ya Amake Dalitso, ndikuitana Tisa kuti atuluke.

Tisa anali mnzanga wa ponda apa nane m'pondepo. Amayi ake anali ochokera ku Katete, kwawo kwa amayi anga, ndipo ankagulitsa vitumbuwa pamene minibasi zimaima. Amuna awo anafera pansi pa mgodi Tisa akuyamwa, n'kuwasiyira ana awiri ndi nyumba ya denga la asibesito. Wamkulu anali Dalitso, mnyamata wamtali wa manja ngati mafosholo, amene chaka china anasankhidwa kukhala goloboyi wa timu ya dziko lathu pa mpikisano waukulu wa mayiko.

Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma pa Dalitso tinachita kunyanya. Chamboli yense anamubala. Uyu akuti ndinkamubereka kumbuyo, uyo akuti nsapato zake zoyamba ndinasoka ndine. Makondakitala ankaimitsa minibasi pakati pa msewu kuti angopereka moni kwa Amake Dalitso, ndipo vitumbuwa vinkatha dzuwa lisanakwere. Ine ndi Tisa tinkayenda mapewa m'mwamba ngati timu ija tinaisankha ndife.

Koma amene anamubaladi kachiwiri anali atate anga. Chaka chimenecho kumgodi anachotsa anthu ambiri ntchito, ndipo atate anali m'gulu limenelo. Ankadzukabe nthawi ya shifiti, kupukuta majombo awo, kenako n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango ndi wailesi, maso ali kutali. Nyumba yathu inazizira. Tinkayenda monyang'ama ngati muli wodwala. Tsiku limene dzina la Dalitso linamveka pa wailesi ija, atate anaimirira n'kuseka, kuseka kumene ndinali nditakuiwala. Kuyambira pamenepo aliyense wodutsa ankamuimitsa n'kumufotokozera momwe ankamuponyera Dalitso chimpombwa, mpira womanga ndi mapepala a pulasitiki, pa khoma la nyumba yathu mpaka mwanayo ataphunzira kuwakha. Anamangirira kansalu kobiriwira, mtundu wa timu yathu, pa jekete lawo lakale la kumgodi ndipo sankalivula, kutenthe kuzizire.

Dalitso anali atatumizira amake TV yaikulu. Tsiku la masewero ankaiika pakhomo, moyang'ana pabwalo, ndipo anthu ankadzaza mpaka kumsewu, ena pa mipando, ena pa njerwa, ife ana kutsogolo pa mphasa. Sindinaonepo msipu wobiriwira ngati wa m'galasi limenelo. Kwathu udzu unkamera wotuwa chifukwa cha senta, koma kumeneko unkaoneka ngati wotsukidwa m'mawa uliwonse. Inswa zinkatuluka m'nthaka yonyowa n'kumazungulira kuwala kwake, mapiko awo akugwera pa mitu yathu. Ine ndi Tisa tinkakhulupirira kuti Dalitso akayang'ana kutsogolo amationa, ndipo tinkamubayibitsa ndi manja onse awiri. Nthawi zina ndinkalota maso ali tseguka kuti ndalowa m'galasimo, ndikuyenda wopanda nsapato pa msipu uja, ndikumupititsira vitumbuwa vya amake m'kabeseni.

Masewero oyamba tinagonja. Mpira unaterereka m'manja mwa Dalitso ngati sopo, n'kukagona mu ukonde. Anthu anati ndi mvula, ena anati woimbira mpira anadya zake, ndipo anabalalika akung'ung'udza. Masewero achiwiri tinagonjanso. Apa ndiye ubale unayamba kutha. Vitumbuwa vinkabwerera kunyumba vitazizira m'beseni. Kusukulu Tisa ankamutcha mlongo wa sefa, ndipo m'mawa wina tinapeza sefa yeniyeni, ya dzimbiri, itapachikidwa pa geti lawo. Aja ankati anamubereka kumbuyo tsopano ankati anamuona kale kuti mwanayo alibe tsogolo. Atate anasiya nkhani ya chimpombwa. Anayamba kuchedwa kuthaveni, ndipo akabwera sankayang'ana mbali ya mpanda wa maluwa.

Panamveka mbiri yakuti kudera lina anthu anaswa mawindo a nyumba ya makolo a wosewera wina. Madzulo ake ndinamva Amake Dalitso akulankhula ndi amayi pa mpanda paja, ine ndikutsuka mbale chapafupi.

"Amake Zione, ine nikuuzani," anatero, akuwatchula amayi ndi dzina langa. "Mwala umodzi chabe ukagwa padenga panga, nizamanga katundu nibwelele ku Katete na mwana wanga. Nyumba iyi anafela amuna anga. Sinizaona ikuphwanyiwa na anthu amene nawaphikila."

Mbale inandipulumuka m'manja. Asibesito si malata, oti mwala ukagwapo umangolira n'kugubuduka. Iye amasweka, ndipo inali nyengo ya mvula. Za Katete ndinkangodziwa kuti ndi kutali, kuti basi imanyamuka m'mawa n'kufika anthu atatupa mapazi. Ndinagona ndikuganiza za mpanda uja popanda wondiyankha tsidya lake, ndipo ndinachita mantha enieni.

Tsiku la masewero omaliza amuna sanabwere pabwalo. Onse anakaonera kuthaveni ya kumsika, ndipo atate anapita nawo. Tinatsala akazi ndi ana. Kunali kwa mitambo, kotentha mopanda mphepo, ndipo m'galasi muja zonse zinkayenda ngati m'madzi. Chakumapeto Dalitso anatuluka kukawakha mpira wa m'mwamba, n'kuwakha mphepo. Woimbira mpira ataomba wenzulo yomaliza, anamuonetsa atagwada pa msipu uja, nkhope yabisika m'manja ake aakulu. Ulendo uno sitinamubayibitse.

Dzuwa linali litapendeka pamene tinamva phokoso kuchokera kumsika. Anali mavuvuzela, malipenga aja a ochemerera mpira, koma ankalira mwa mtundu wina, mokwiya, ndipo pansi pake pankamveka mawu a anthu ambiri akuyandikira. Amake Dalitso anangokhala pa mpando, manja ali pa mawondo. Amayi anga anamvetsera kanthawi. Kenako anaimirira, kumanga chitenje mwamphamvu, n'kunena kuti, "Tulutsani mipando yonse panja."

Kwathu mipando yonse ya m'nyumba imatuluka panja pa chifukwa chimodzi chokha. Pakagwa maliro, nyumba amaikhuthula kuti akazi akhale pansi m'katimo, ndipo amuna amakhala pa mipando ija pabwalo mozungulira moto. Wodutsa akaona sofa pabwalo safunsa zambiri. Amatsitsa mawu, wapanjinga amatsika, wachipewa amavula.

"Mufuna kunilodzela mwana?" anafunsa Amake Dalitso.

"Palibe wafa, ndipo palibe azanama kuti kuli wafa," anayankha amayi. "Koma mtima wanu suli pa chisoni? Tizankhala na imwe pansi, tiyimbe. Basi."

Anatituma ine ndi Tisa kukaitana azimayi a chitente, gulu lathu la mapemphero la Akatolika a m'dera. Tinathamanga khomo ndi khomo, matope akutitapukira m'miyendo. Pobwerera tinapeza sofa ili pansi pa mtengo wa mapeyala, tebulo pambali pake, TV itafunditsidwa nsalu, ndi chikuni chikufuka utsi pakati pa bwalo. Azimayi ankalowa mmodzimmodzi atamanga maduku, n'kukhala pa mphasa miyendo itatambasuka, kuyambira m'nyumba mpaka pakhonde. Anabweranso mayi wina wa Mboni za Yehova, amene mpira sankauonera ndipo nyimbo zathu sankaimba. Anangokhala pafupi ndi Amake Dalitso n'kuwagwira dzanja. Wina anayambitsa nyimbo ya m'tchalitchi motsitsa, ndipo onse anailandira.

Apa mutu wanga wa chibwana unasokonezeka. Amayi ndinawamva ndithu akuti palibe wafa. Koma maso anga ankaona mipando panja, utsi ndi maduku, ndipo ndinakhulupirira maso. Ndinaganiza kuti Dalitso sanadzukenso pa msipu paja, kuti manyazi amupha, koma akuluakulu akutibisira.

Gulu la kumsika lija linatulukira pa ngodya ya msewu likukoka nthambi, likuimba nyimbo yotukwana m'Chibemba. Utoto wobiriwira unali utasungunuka pa nkhope zawo ndi thukuta. A kutsogolo ataona sofa anaima, a kumbuyo n'kuwagunda. Nyimbo inazima kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, mpaka kunatsala vuvuzela imodzi kutali, nayonso inachita manyazi n'kuleka. Wina amene anali pa njinga anatsika. Zipewa zinayamba kuvulidwa.

"Nani uwafwa, ba mayo?" anafunsa m'Chibemba mnyamata wina wa kutsogolo, kufuna kudziwa wamwalira ndani.

"Nkhalani pansi, ana anga," anatero amayi ali pakhonde. "Mipando ilipo."

Kenako ndinamva tizinthu tikugwa mu udzu m'mphepete mwa mpanda, phu, phu, apa ndi apo. Ndinayesa ndi mango akupsa. Ena anabwerera mwakachetechete, koma ambiri analowa pa geti lija la sefa ataweramitsa mitu, n'kukhala pa mipando, pa njerwa, pa mizu ya mtengo. Pakati pawo ndinaona jekete la kumgodi la kansalu kobiriwira. Atate anaima pa geti, manja onse m'matumba. Amayi anawayang'ana osasiya kuimba. Anayang'anana choncho nthawi yaitali, ndipo atate ndiwo anayamba kugwetsa maso. Anakakhala pa sofa ya Amake Dalitso, pafupi ndi moto.

Ine ndinathamangira kwa iwo ndikulira, n'kukwera pamiyendo pawo ngati kamwana, chinthu chimene ndinali nditasiya kalekale. Ankanunkha mowa, utsi ndi mvula. China chake cholimba chinkanditsina pa ntchafu. Ndinapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa mwala wakuda wa ku phiri la zotsalira za kumgodi, wodzaza dzanja langa lonse. Unali wofunda. Nditautembenuza pa kuwala kwa moto, unanyezimira mitundu yobiriwira ndi yofiirira ngati khosi la nkhunda.

"Atate, ni chani ichi?"

Anauyang'ana mwalawo, n'kuyang'ana denga la nyumba, kenako ine.

"Nakutolela iwe, mayi wanga," anatero motsitsa. "Ona mwamene uwalila."

Sindinasangalalepo ndi mphatso ngati mmene ndinasangalalira ndi imeneyo. Chaka chonse chija atate anali asanandipatse kanthu, ngakhale switi. Ndinaufumbata ndi manja awiri, misozi ikali m'masaya.

Palibe anafunsanso kuti wafa ndani. Amuna aja anayamba kucheza monong'ona, ndipo za mpira zinatha msanga. Ankatchula anzawo amene anatsalira pansi pa mgodi, ndi tsiku limene anauzidwa kuti mawa asabwerenso ku ntchito. Bambo wina wa imvi analira poyera, osabisa nkhope, ndipo palibe anamuseka. Atate anayambanso nkhani ya chimpombwa, koma mawu anawathera pakati. Kamvula kanayamba kuwaza, kakulira pang'onopang'ono padenga la asibesito, ndipo denga linali lathunthu. Tisa anabwera kudzandinong'oneza kuti Dalitso waimba foni, ali moyo, akungolira. Ndinamuonetsa mwala wanga.

M'mawa mwake tinapeza miyala yambiri mu udzu m'mphepete mwa mpanda. Amake Dalitso anaitola n'kuindandalika mozungulira bedi lawo la ndiwo zamasamba. Akuluakulu a mpingo anang'ung'udza kuti kutulutsa mipando popanda mtembo n'kuitana malodza. Amayi anangoti amene anamva wina akunena kuti kuli mtembo anene. Ku Katete sikunapite munthu, ndipo ine ndi Tisa tinakulira pa mpanda womwe uja mpaka tinakwatiwa.

Mwala uja ndinausunga pa windo, ndipo ndinasamuka nawo pobwera kuno ku Ndola. Ndili mwana ndinkadziwa kuti atate anayenda mpaka ku phiri lakuda kukandisankhira mwala wokongola kuposa yonse, ndipo ndinkadziwanso kuti maliro aja anali abodza. Lero ndikuona mwina. Anthu aja anali ndi chisoni chenicheni chimene chinkasowa pokhala, ndipo amayi anachipatsa mpando. Za mwalawo, palibe anandiuza. Tsiku lina ndikupukuta fumbi pa windo ndinangouyesa kulemera kwake m'dzanja, n'kuzindikira kuti ukanaboola asibesito. Ndinakhala pansi, ndipo mtima unandipweteka ngati atate amwalira tsiku lomwelo. Komabe sindinautaye. Mwana wanga akandifunsa kuti unachokera kuti, ndimamuuza zimene ndinauzidwa, kuti agogo ake ananditolera ine. Pajatu unafikiradi m'dzanja langa, ukali wofunda.