Tsiku limene amama anapita kukalanga mfumukazi

Mdzukulu wanga ali ndi chizolowezi chondiwerengera zinthu zikuluzikulu zimene zinachitika pa dziko pa tsiku lakutilakuti. Chisanu chathachi anafika pa tsiku lachiwiri la Juni, nandiuza monyadira kuti pa tsikuli, m'chaka cha 1953, ku Mangalande analonga ufumu mfumukazi, ndipo m'mawa womwewo dziko linamva kuti anthu awiri akwera phiri lalitali kuposa onse. Anandiyang'ana kuti ndidabwe. Ine ndinamuuza kuti waiwala chachitatu: tsiku lomwelo anyamata a ku Zingalume anachinya a kwathu ku Zemba pa mpira, pabwalo la sukulu ku Chadiza, ndipo ndinalipo. Zitatu zonsezo ndimaziponya m'dengu limodzi, la zinthu zopanda pake.

Chaka chimenecho ndinali namwali, ndipo alongo anga anali m'ndende ku tauni. Mlandu wawo unali wa migula. Kapitawo wa zaulimi anabwera kudzakhoma zikhomo m'munda mwathu, kuti tikumbe mizere ikuluikulu yotchinga madzi, mzere wina n'kudutsa pakati penipeni pa mtedza wosakumba. Alongo anga anazula zikhomozo, kapitawo atawagwira malaya iwo anamukankha, ndipo munthu wamkuluyo anakhala pansi m'chitsamba cha chitedze. Mudzi wonse unaseka. Amesenjala atabwera ndi maunyolo, palibe anasekanso.

Chimene chinkawadya mtima amama sichinali manyazi a ndende. Alongo anga anali ndi chifuwa kuyambira ali mwana, ndipo chisanu chikafika ankagona pafupi ndi moto atafunda zonse za m'nyumba. Munthu wina wotuluka kundendeko anatiuza kuti akugona pa simenti, bulangete limodzi, ndipo akutsokomola mpaka anzawo kuwatukwana. Amama anangoti, "Juni uyu andiphera mwana."

Ndiye kunabwera uthenga wa aphunzitsi aakulu a ku Chadiza, bambo wovala jekete ngakhale mu Okutobala, amene ankayankhula Chichewa ngati akuchita kubwereka. Uthengawo unati mfumu yaikazi ya Angerezi ikulongedwa ufumu, ndipo aliyense abwere kudzaona mwambo. Ambiri kwathu anakana, poti inali nthawi ya mkangano wa chitaganya, pamene azungu ankafuna kuphatikiza dziko lathu ndi maiko oyandikana nalo, ndipo mitima inali itawawa kale. Koma amama atamva mawu akuti kulonga ufumu, maso awo anawala.

Amama anali namkungwi. Anali atalanga anamwali osawerengeka, ndipo pa kulonga mafumu a m'midzi yathu ankaitanidwa. Kwathu mfumu yatsopano siyamba ndi kulamula. Imakhala pamphasa itaweramitsa mutu, akuluakulu n'kumailanga: usamadye wekha, usamaweruze ndi mkwiyo, wolira umumvere. Tsiku limenelo mfumu siyankha mwano, ndipo wodandaula sabwezedwa. Amama anaganiza kuti ngati ndi mfumu, ndiye ndi mfumu basi, yoyera kapena yakuda, ndipo pa tsiku lake loyamba iyenera kumva. Ine ndinali nditaphunzirako pang'ono ku mishoni ndipo ndinayesa kuwauza kuti mfumukaziyo ili kutsidya la nyanja. Anandifunsa kuti, "Nanga atiitanira chiyani ngati makutu ake safika kuno?" 

Tinanyamuka m'mamawa, mame akuluma zala za kumapazi, amama atakwapatira nkhuku yoyera m'khwapa. Titafika tinapeza bwalo litakongoletsedwa ndi timbendera ta mapepala. Ana a sukulu anali pamzere, milomo itauma, miyendo itatuwa ndi mphepo, akuimba nyimbo ya Chizungu imene ngakhale owaphunzitsa sankaidziwa mutu wake. Pansi pa chisakasa panali tebulo, pa tebulo chithunzi cha mtsikana wovala chisoti chonyezimira, pambali pake wailesi yooneka ngati poto. Mzungu wina wochokera ku tauni anakhala pampando, ndipo aphunzitsi aakulu ankamuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira.

Anayamba ndi kutiuza za phiri. Aphunzitsi anakweza dzanja nati anthu awiri akwera phiri lalitali kuposa mapiri onse, kumene madzi amauma gwa ndi kuzizira, ndipo imeneyi ndi mphatso yawo kwa mfumukazi. Anatilamula kuomba m'manja. Mkulu wina wa ku Zingalume anafunsa mokweza kuti, "Anakatengako chiyani kumeneko, uchi kapena nsungwi?" Atauzidwa kuti sanatengeko kanthu, anangokwera n'kutsika, mkuluyo anati kwawo munthu wotero amamumangirira pamtengo mpaka mutu utakhazikika. Ine ndinaganiza za anthu okafuna chisanu dala pamwamba pa phiri, dziko lonse n'kuwaombera m'manja, pamene wina chisanu anachita kumutsekera nacho m'chipinda.

Kenaka kunali mijaha. Amuna a ndevu zawo analowetsedwa m'masaka n'kumadumpha ngati achule, mzungu akuseka mpaka kupukuta misozi. Dzuwa litafika pamutu anatsegula wailesi ija. Inkangolira ngati mafuta m'chiwaya, mwa apo ndi apo n'kumveka mabelu ndi mawu a munthu wa chimfine. Aphunzitsi anavula chipewa nati mfumukazi tsopano yakhala pampando. Mpira nawo unali utayamba kumbuyo kwathu, poti a ku Zingalume anati sangadikire mabelu, kwawo n'kutali.

Apo ndiye amama anaimirira. Anayenda mpaka patsogolo pa tebulo, nagwada, naika nkhuku pansi, naomba m'manja mwaulemu. Aphunzitsi anathamangira.

"Mayi, mukufuna chiyani kuno?"

"Ndabwera kudzalanga mfumu," anatero amama.

Nkhope ya aphunzitsi inachita ngati yathiridwa phulusa. Munthu wobadwira m'mudzi ngati ife, woyamwa bere la Mchewa, anamva kulanga kwa chikoti. M'masiku a chitaganya amenewo, mayi wa ku Zemba kunena pamaso pa mzungu kuti adzalanga mfumukazi! Mesenjala wina anagwira kale ndodo yake.

"Mukuti mudzalanga yani? Mukufuna kutimangitsa tonse?"

"Inu aphunzitsi, simunaonepo mfumu ikulangidwa? Kapena kwanu amangoiveka chisoti ili mbuli? Patukani, sindinabwerere inu."

Ndipo anayang'ana chithunzi chija, nayamba ndi mawu awo a pamphasa, osathamanga. "Mwana wanga, lero wakula. Ufumu si chisoti. Mfumu ndi dzala, aliyense amataya pamenepo zomulemera, ndipo dzala silinyansidwa. Usamamvere okhawo okhala nawe pafupi. Tsono ine ndataya langa: mwana wanga ali m'nyumba yako ya ndende, chifuwa chake n'choipa, ndipo kwazizira. Analakwa, inde. Ndibwezere adzathere chilango chake dzuwa likatentha, kapena umupatse bulangete lachiwiri. Nkhuku yako ndi iyi."

Sindinamvepo pempho laling'ono chotero likunenedwa mwaulemu wotero. Mzungu anachita chidwi, nafunsa aphunzitsi kuti mayiyu akuti chiyani. Chizungu changa chinali chochepa, koma mawu oti kukondwa ndi kuthokoza ndinkawadziwa, ndipo ndi okhawo amene ndinawamva akutuluka m'kamwa mwa aphunzitsi. Za ndende, za chifuwa, za bulangete, sanatchule n'limodzi lomwe. Pambuyo pake iwo eni ankadzitama m'midzi kuti tsiku lija anapulumutsa dera lonse ku manyazi.

Mzungu anamwetulira, natenga kapu yachitsulo yokhala ndi nkhope ya mfumukazi, imodzi mwa zimene ankapatsa opambana mjaha wa masaka, naipereka kwa amama. Amama anailandira ndi manja awiri. Kwathu mfumu ikalandira nkhuku yako n'kukupatsa chinthu m'manja, ndiye kuti mlandu wako wamveka. Amama anatsegula pakamwa kuti afunse tsiku lokamutenga mwana, koma nthawi yomweyo kubwalo kunaphulika phokoso. A ku Zingalume anali atachinya. Anthu onse anathamangira kumeneko, mzungu naye anaimirira kuti aone, aphunzitsi pambuyo pake atanyamula mpando. Tinatsala awiri ndi wailesi ikulira yokha. Nkhuku ija ndinaiona madzulo itamangidwa pa njinga ya aphunzitsi.

Pobwerera amama ankayenda ngati mtsikana. Ndinayesa kuwauza zimene ndinamva, koma anandidula. "Iwe Chizungu unachidziwira kuti? Kapu iyi wandipatsa ndani?" Kunyumba anaitsuka, naikulunga m'kansalu, nati adzamweramo mwana wawo akabwera. Anazira pansi m'nyumba ya alongo anga, nawunjika nkhuni pakhonde. Njinga iliyonse ikamveka panjira ankatuluka.

Alongo anga anabwera chilango chawo chitatha, osachotserapo ngakhale tsiku, mphepo ya Ogasiti ikuwomba. Anabwera pa ngolo chifukwa miyendo inali itakana. Anamweradi m'kapu ija, madzi ndi phala lamadzimadzi, amama atawachirikiza mutu. Mvula yoyamba sanaione.

Pa maliro, monga mwa mwambo, ziwiya za malemu zimabooledwa n'kuikidwa pamanda. Amama anatenga kapu ija ndi msomali. Anaiyang'ana nthawi yaitali, ndipo sanakweze mawu. Anati, "Ndalanga ana ambiri, ena ouma mitu, koma wosamva ngati uyu sindinamuone." Anakhoma msomali pakhutu penipeni pa nkhope ija, naivundikira pa dothi.

Mdzukulu wanga anandifunsa ngati mpirawo unatha ndi chigoli chimodzi chomwecho. Ndinamuuza kuti akafunse a ku Zingalume, iwo mpaka lero amakumbukira.