Mowa Wosasa wa Tsiku Lokoka Bwato

Agogo anga aamuna, a Kamanga, anatunga pang'ono ndi chipanda, kusunga m'kamwa, n'kulavulira pambali pa mbiya.

"Wasasa," anatero.

Agogo aakazi ankadziwa kale. M'khitchini monse munali fungo lake, fungo lobaya m'mphuno ngati la chinangwa chokhalitsa m'madzi, losakanikirana ndi utsi wakale wa m'denga ndi la usipa wouma umene unali m'dengu pakhomo.

Kwathu ndi ku Dwambazi. Agogo aamuna anali osema mabwato. Chaka chimenecho, ine ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, anagwetsa mbawa kumtunda, ulendo wa maola awiri kuchokera kunyanja, ndipo anaisema miyezi iwiri. Bwato lotere silinyamulidwa. Limakokedwa ndi chingwe pa mitengo yogoneka pansi, ndipo pamafunika amuna makumi atatu. Malipiro ake ndi mowa, womwera kunyanja ntchito ikatha.

Tsiku lokoka linali Lachinayi. Agogo aakazi anafulula mbiya zitatu za masese, n'kuphika mtsuko wa thobwa wa Asilamu amene sakhudza mowa. Lachitatu m'mudzi munagwa zovuta. Kukoka kunasunthira Loweruka. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo mowa sudikira maliro. Bwato nalo silikanadikira. Dzuwa linali litayamba kale kutsegula mng'alu kumbuyo kwake, ngakhale tinalifunditsa masamba. Kufulula wina kukanatenga sabata, ndipo chimera chinali chitatha.

Agogo aakazi anati tithire shuga, tikhale chete, ena amatero. Agogo aamuna anakana. Anati shuga amanamiza lilime lokha, mimba siinamizika, ndipo munthu wakukokera bwato tsiku lonse sumubisira chimene uti um'mwetse.

Lachisanu titachoka kumanda anachita chinthu chimene sichinkachitika kwathu. Anadzaza chigubu, kutenga chipanda, n'kuyamba kulawitsa anthu mowa ntchito isanagwiridwe. Ine ndinawatsatira.

Tinayamba kudooko, kwa asodzi anzawo ochokera kumpoto, amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Mkulu wawo anamwa, kutsinzina, kupukusa mutu ngati walumidwa ndi mavu, kenako n'kuseka. Anati uwu ndiye mowa, osati phala lija timamwetsedwa masiku onse, uwu umachotsa fungo la nsomba kukhosi. Chipanda chinazungulira kawiri. Agogo anachita kulanda chigubu.

Tinapita kwa alimi a ku Nkhunga. Wowalankhulira anali a Chimbalanga, munthu wa pakamwa, koma paphewa pake pankakwana thumba la mpunga ndi mwana pamwamba. Analawa, nkhope yonse n'kukwinyika.

"A Kamanga, mwafulula mowa kapena mwaviika bwemba?"

Agogo anafotokoza za maliro. Anati mbiya imodzi aisakaniza ndi thobwa lija, iwo akuona, kuti ifewe. A Chimbalanga anati iwo sangathyoke msana chifukwa cha mankhwala a njoka zam'mimba. Anzawo anaseka. Agogo anangotseka chigubu.

Otsiriza anali Che Saidi, oyandikana nafe nyumba, amene ankabwera ndi ana awo ndi aphwawo, amuna asanu ndi awiri. Kwa iwo agogo sanapite ndi mowa. Anapita ndi mawu. Anawauza kuti thobwa lawo lija alilawa m'mawa, layamba kuluma lilime, ndipo pofika mawa silikhalanso thobwa. Anati sangawapatse, ndipo lina alibe chophikira.

Che Saidi anasisita ndevu. Anafunsa ngati agogo aakazi anaganizako zothira shuga. Agogo anati anaganiza. Che Saidi anaseka, n'kuitana akazi awo kuti apereke mbale ya chimera cha mawere chophikira thobwa lina.

"Tikumana pa chingwe, Inshallah."

Loweruka kunkhalango tinapezeka anthu khumi ndi asanu ndi atatu, kuwerengera ndi ine. Alimi sanabwere. Agogo anawerenga ndi maso, kumanga chingwe kumphuno kwa bwato, n'kuyambitsa nyimbo. Potsetsereka zinkayenda. Mitengo inkalira pansi pa bwato, utomoni wa makungwa osupuka unkanunkha, chingwe chinkatentha m'manja, ndipo achinyamata ankathamanga kutola mitengo yotsala m'mbuyo kukaiika kutsogolo, fumbi lili m'mano.

Masana tinafika pa khwawa louma kuseri kwa minda ya a ku Nkhunga. Bwato linatsika, koma kukwera tsidya linalo linakana. Tinakoka katatu. Kachitatu linabwerera m'mbuyo, kugunda mwala, ndipo ndinaona agogo akugwada kukapapasa mng'alu uja ndi chala. Unali utatalika.

A Chimbalanga ndi anzawo anali atakhala pa chulu, akuonerera. Anafuula kuti timwetse bwatolo mowa uja, lidumpha lokha. Mkulu wa asodzi anayankha kuti asavutike, ntchito iyi si ya anthu a malilime a makanda, apite kwa amayi awo akawapatse madzi a shuga. Che Saidi anawonjeza, mosakweza mawu, kuti iwo sadzalawa n'dontho lomwe la mowawo koma chingwe ali nacho m'manja, ndiye sakudziwa kuti chikupweteka a Chimbalanga n'chiyani.

Apo a Chimbalanga anatsika pa chulu. Anavula malaya, kukankha mnyamata wina, n'kugwira patsogolo penipeni. Anzawo asanu ndi anayi anatsatira. Bwato linakwera ulendo umodzi.

Linakhudza madzi dzuwa likadali pamwamba. Mng'alu unathera pamwamba pa mzere wa madzi. Agogo analowa, kupalasa pang'ono, kuyang'ana pansi. Munali mouma.

Agogo aakazi anali ataika miphika padera pansi pa mtengo: wosasa uko, wosakaniza apa, thobwa latsopano patali ndi chipanda chakechake. Aliyense anapita kwake. Alimi awiri analawa wosasa uja n'kukhala komweko. Msodzi mmodzi anathawira ku wosakaniza, anzake akumunyoza. Palibe anadwala, palibe anati wanamizidwa.

Ine ndinalawa wosasawo tsiku limenelo. Sunandikomere. Lero ndimaukonda, mng'ono wanga sauyandikira. Mabwato ndikusema ndine tsopano, ndipo pokoka ndimaikabe miphika itatu. Wina akafunsa kuti wabwino ndi uti, ndimam'patsa chipanda.

Anthu atayamba kuimba, a Chimbalanga ananyamuka pa wosakaniza paja, kupita pa mbiya ya asodzi, n'kutunga chodzaza. Onse anasiya nyimbo. Anamwa theka, misozi n'kulengeza m'maso, ndipo chotsalacho anapatsira mnzawo. Anapukuta pakamwa ndi mkono, n'kutembenukira kwa agogo.

"Ndi woipabe, a Kamanga. Koma munanena. Chaka chamawa mukagwetsa wina, muyambire kwa ine."

Agogo anawayang'ana. Anawerama, kukulunga chingwe, kuchiponya paphewa, n'kuyamba kukwera mchenga kulowera kunyumba.