Chingerezi Chimene Ndinagulitsa kwa Dona Halina

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakhala mphunzitsi wa Chingerezi. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, nsapato ndinalibe, ndipo Chingerezi chonse chimene ndinkadziwa chikanakwana m'thumba la kabudula n'kutsalanso malo a mtedza. Ndinachitola ku Chiponde, kutsidya kwa malire, kumene ndinakhala zaka ziwiri kwa azakhali anga. Koma mumsika wa Lichinga, mmene anthu amasinthanitsa Chinyanja, Chiyao ndi Chipwitikizi, mwana wotha kukuwa kuti "good price, my friend" ankaoneka ngati watsika ndege dzulo.

Amayi ankagulitsa kaunjika. Lamulo loyamba limene anandiphunzitsa pa banka yathu, benchi lathu logulitsirapo, ndisanadziwe n'komwe kupinda buluku, linali lakuti wogula sauzidwa kuti palibe. Akafuna malaya amene ulibe, umati dikirani pang'ono, n'kuzemberera kuseri, kukatenga pa banka ya mnzako, n'kubwera ukuwakutumula fumbi ngati watulutsa m'thumba lako. Mnzakoyo amadziwa, ndipo mawa adzachita chimodzimodzi ndi katundu wako. Ngati kwa mnzakonso kulibe, umabweretsa chofanana nacho, n'kulankhula mpaka wogula aiwale chimene anadzera. Msika wonse umayenda motero mpaka lero, ndipo ine ndakulira momwemo.

Dona Halina anali mzungu wokhala ku Sanjala, dera lina la mu Lichinga momwemo. Anabwera ndi mwamuna wake, mwana wa konkuno amene anakaphunzira zaulimi ku Ukraine n'kubwerako ndi pepala la sukulu komanso mkazi. Mumsika ankamutchula kuti Mrasha, ndipo akamva ankafiira mpaka m'makutu, n'kumakalipa kuti iye si wa ku Russia. Amayi a pamsika ankamuda. Sankapereka moni, ankanunkhiza usipa asanagule, ndipo pa mtengo ankakakamira kuposa ife eni ntchito. Nayenso ankatida mosabisa. Ankati tonse ndife mbava zovala zitenje.

Chaka chimenecho mwamuna wake anali atangomwalira. Nyumba imene ankakhala ndi kamwana kake kakakazi, Nadia, inali ya kuntchito kwa malemuyo, ndipo anali atauzidwa kuti chisanu chikatha atulukemo. Kampani ina yodzala mitengo ya paini inkafuna munthu wolemba makalata a Chingerezi, ndipo ntchitoyo inali ndi nyumba yake. Ofuna ntchito anayenera kulemba mayeso patatha mwezi umodzi. Zonsezi msika unkadziwa, pakuti msika umadziwa za munthu amene umamuda kuposa za abale ake.

Dona Halina anandipeza ndikukuwira dalaivala wina wa ku Malawi. Anandigwira pakolala n'kundifunsa m'Chipwitikizi chake cholimba ngati ndimadziwadi Chingerezi kapena ndikungouwa. Ndinayankha kuti ndinaphunzira ku Malawi, ndipo ndinali woyamba m'kalasi. Zoona zake n'zakuti ndinali woyamba kutuluka belu likalira.

Mtengo tinakakambirana pakhonde pake. Iye anati tiyi ndi buledi tsiku lililonse. Ine maso anali atagwera kale pa kazaku, jekete yachikopa ya malemu, amene anapachikidwa kuseri kwa chitseko. Unali mwezi wa Juni, ndipo amene sanagonepo ku Lichinga mwezi umenewo sadziwa chimene mwana wa malaya amodzi angachite chifukwa cha chikopa. Anati ndilibe manyazi. Ndinavomera, n'kubwerezanso za kazakuyo. Anati andipatsa akalemba mayeso, ine ndinati lero, ndipo tinakumana pakati: pakatha masabata awiri. Ndinatuluka pageti ndikudziona ngati ndagula ng'ombe pa mtengo wa nkhuku.

Maphunziro ankachitika masana, ine ndikabwera kusukulu. Sankandilola kulowa m'nyumba. Ndinkakhala pa sitepe yozizira, iye pampando, ndipo ndikamwa tiyi ankayang'anitsitsa supuni mpaka nditaibweza. Ine ndinkamutukwana m'Chinyanja ndikumwetulira, kuti nkhope ngati mbatata yosenda, mpaka tsiku lina Nadia, amene ankasewera ndi ana a m'bairu, m'dera lawolo, anamasulira zonse. Tsiku limenelo buledi sindinamuone.

Anali ndi buku limene mchemwali wake anamutumizira kuchokera kwawo, lophunzitsa Chingerezi m'chilankhulo chawo. Zilembo zake zinkaoneka ngati mipando yogwa chagada, ndipo zimenezi zinandithandiza, chifukwa palibe amene akanayembekezera kuti ndiziwerenge. Mitu yoyamba anali ataidutsa yekha. Anakodwa pa mutu umodzi umene ankautchula ngati dzina la mdani, present perfect. Ankati kwawo chinthu chikachitika chachitika, nanga Angerezi amafuniranji njira ziwiri zonenera zakale? Anandilozera mizere iwiri, "I lived" ndi "I have lived", n'kundifunsa kusiyana kwake.

Ndinayang'ana kumwamba ngati munthu wolemedwa ndi nzeru. Kenako ndinamuuza kuti ku Malawi mphunzitsi wabwino sayankha funso lalikulu tsiku lomwelo, amasiya wophunzira agone nalo. Limenelo linali dikirani pang'ono wanga. Nditangokhota pakona ndinathamanga.

Banka ya mnzanga inali ya Che Amadu, telala wa kuseri kwa msika. Anasoka zaka zambiri ku Limbe m'sitolo ya mmwenye, ndipo nyuzipepala zakale za Chingerezi zimene ankadulira mapatani ankayamba aziwerenga kaye. Ndinawauza kuti ndikudziphunzitsa ndekha. Anasangalala mpaka anaimitsa makina.

"N'zosavuta, mwanangu, ifenso tili nazo," anatero. "Ukati ndinadya, mwina njala yabweranso. Ukati ndadya, m'mimba mukadali modzaza. Chachitika kale, koma chikadali nawe."

Mawa lake ndinakatula zimenezo ku Sanjala m'Chipwitikizi, ndikuzikutumula fumbi ngati zanga. Dona Halina analemba kenakake m'mphepete mwa buku, ndipo kwa nthawi yoyamba sanandinyoze. Kuyambira pamenepo ntchito inayenda ngati ya pamsika. Iye ankalemba ziganizo, ine ndinkazikopera m'kope langa kuti Che Amadu asaone dzanja lachilendo, iwo ankakonza akupalasa makina, ine n'kubweza katundu kwa mwini wake. Che Amadu anayamba kuuza makasitomala awo kuti mwana wa mayi wa kaunjika adzafika patali. Masabata awiri atakwana ndinavala kazaku. Ankandifika m'mawondo, manja ndinkapinda katatu, ndipo ankanunkha fodya wa munthu wakufa, koma ndinkayenda ngati gavinala.

Kutatsala masiku anayi kuti alembe mayeso, anandipatsa mapepala awiri. Anali atalemba mbiri yake, kumene anaphunzira, zaka zimene wakhala ku Niassa, ntchito zimene wagwirapo, pamodzi ndi kalata yachitsanzo. Anati ndikonze zonse, iye aziloweza pamtima. Ndinathamangira kuseri kwa msika n'kupeza loko pachitseko. Wogulitsa makala wapafupi anandiuza kuti Che Amadu apita ku Lione, mng'ono wawo wamwalira, ndipo sabwera sabata isanathe.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, mapepala ali m'thumba la kazaku. Kubwerera ku Sanjala kukanena kuti sindikudziwa kunali kuvula chikopacho ndi manja anga. Komanso, kunena zoona, mawu amenewo analibe malo m'kamwa mwanga. Ndinali ndisanamvepo munthu wamkulu aliyense wa pamsika akuwanena. Choncho ndinatsata mbali yachiwiri ya lamulo la amayi: ngati kwa mnzako kulibe, bweretsa chofanana nacho.

Ndinakhala pansi pa mtengo wa bulugamu ndi cholembera chobwereka. Ndinali nditaona kuti Che Amadu amakonda kuika have ndi has, ndiye ndinawaza mawu amenewo m'mizere ngati mchere. Pamene Dona Halina anali atawaika kale, ndinafufutapo ena kuti zioneke kuti mphunzitsi wagwira ntchito. Pepala lopanda zofufuta likanaoneka ngati sindinaliwerenge.

Atawerenga anakwinya nkhope. Anatsegula buku lake, n'kunena kuti buku silikutero.

"Ukutsimikiza, iwe?"

"Dona, bukulo analemba ndi anthu akwanu," ndinayankha. "Anamumvapo Mngerezi akulankhula?"

Anamenya tebulo mpaka kapu inadumpha, n'kunditchula dzina lina m'chilankhulo chawo limene Nadia anakana kumasulira. Koma anandikhulupirira. Akanalekeranji? Kwa masabata atatu chilichonse chimene ndinabweretsa chinali choona. Masiku atatu otsatira ndinkamupeza akuzungulira pakhonde, akubwereza mizere yanga mokweza, Nadia akumutsatira pambuyo n'kumayeserera.

Patapita masiku angapo mayeso atalembedwa, anafika mumsika dzuwa litakwera, nthawi imene anthu amachuluka. Sanagule kanthu. Anabwera molunjika pa banka yathu n'kuyala mapepala pamwamba pa mulu wa mabuluku. Limodzi linali la mayeso, limene wolemba ntchito anamubwezera litafiira ndi inki. Ena anali awiri aja, okhala ndi zofufuta zanga. Anauza amayi kuti ntchito yapita kwa wina, ndipo mwana wawo ndi wakuba.

Amayi anaimirira n'kumanga chitenje. Sankadziwa chilichonse cha nkhaniyi kupatula zoti ndimaphunzitsa mzungu, koma pamsika suyamba wafunsa mwana wako akamanenedwa. Anamuuza kuti ngati mutu wake ndi wouma asanamizire ana a eni. Amayi a tomato ndi a nyemba anasonkhana, wina anakuwa kuti Mrasha abwerere kwawo, ena n'kuseka. Ine ndinaima kumbuyo kwa amayi m'kazaku wa mwamuna wake, ndipo ndinaona kuti ndikhoza kupulumuka. Ndinangofunika kukhala chete, ndipo ndinakhaladi chete.

Amene anandigwetsa ndi Che Amadu. Anali atabwera m'mawa womwewo, kofia ya kumaliro ikadali kumutu, ndipo phokoso linawakoka. Anapempha mapepalawo, anavala magalasi, n'kuwerenga pang'onopang'ono anthu akudikira. Kenako anauza Dona Halina m'Chipwitikizi kuti zimene analemba yekha poyamba zinali zolondola pafupifupi zonse, ndipo amene anafufuta ndiye anaononga. Anayang'anitsitsanso zofufutazo. Dzanja langa ankalidziwa bwino, anali ataliona tsiku ndi tsiku kwa masabata atatu. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuyang'ana kazaku, ndipo sindinafunikirenso kufotokoza kanthu.

Dona Halina sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa.

"Masiku anayi," anatero. "Ukanangoti sindikudziwa, ndikanakhala ndi masiku anayi ofunafuna munthu wina. Kapena ukanangondisiyira pepala langa mmene linalili."

Ndinayamba kuvula kazaku kuti ndimubwezere. Anakweza dzanja.

"Vala. Akununkha iwe tsopano."

Anasonkhanitsa mapepala ake n'kudutsa pakati pa amayi aja, ndipo palibe amene anamutchulanso dzina lija. Palibenso amene anamupepesa. Aliyense anabwerera pa banka yake ngati kwagwa mvula.

Amayi anandimenya ndi lamba wa pa mulu womwewo, wogulitsa. Ndikulira ndinawakumbutsa kuti ndi iwo anandiphunzitsa kuti wogula sauzidwa kuti palibe. Anaima, lamba ali m'mwamba, n'kunena kuti iwo ankanena za mabuluku, ndipo buluku likathina munthu amabwera nalo mawa n'kusintha. Kenako anapitiriza pamene analekera.

Madzulo ake ndinapita kwa Che Amadu, ndikuganiza kuti pakamwa pangandipulumutse monga mwa masiku onse. Sanaimitse makina. Anati popeza ndimakonda zitsanzo, andipatsa chomaliza, ndipo anandiuza kuti ndinene katatu kuti "I have cheated". Ndinanena. Anati chimenecho ndiye chiganizo cholondola, chifukwa chachitika kale koma chikadali nane, ndipo ndisadzapondenso pakhomo pawo. Anakhala zaka zina zambiri kuseri kwa msika, ndipo moni wanga ankayankha ndi mutu wokha.

Chisanu chitatha Dona Halina ndi Nadia anakwera lole ya ku Cuamba ndi masutikesi atatu. Ena amati anakakhala ku Nampula, ena amati anabwerera kwawo. Masiku ano dzina la dziko lake likamveka pa wailesi ndimachepetsa mawu, sindidziwa chifukwa chake. Kazaku uja ndinayesa kumugulitsa kawiri, koma msika wonse unkamudziwa, ndipo panalibe womufuna ngakhale pa mtengo wa sokosi. Ndinamuvala mpaka anandikwana, kenako mpaka anandithina. Dzina limene anandipatsa amayi a tomato sabata imeneyo, Purufesoro, ndilo lili pa chikwangwani cha banka yanga lero, ndipo alendo amaganiza kuti ndi ulemu.

Sindinasanduke woyera mtima. Mukabwera kudzafuna jinzi imene ndilibe, ndidzakuuzani kuti dikirani pang'ono, ndipo mudzachoka ndi ina mukuganiza kuti ndi imene munkafuna. Koma chifukwa cha dzinali anthu amandibweretsera mapepala: kalata ya kuchipatala, fomu ya ntchito, uthenga wa Chingerezi pa foni. Ndisanatsegule pakamwa ndimayamba ndadzifunsa ngati chimene ndikufuna kupereka chingabwezedwe mawa chikathina. Ngati sichingabwezedwe, ndimabweza pepalalo lisanafunde m'manja mwanga, n'kunena kuti sindikudziwa. Amandinyoza, amati Purufesoro wanji ameneyu. Ndimawasiya anyoze, bola achoke masiku awo anayi akadali nawo.