Munsi wa Achemwali Waoneka pa Chithunzi

Ee, waoneka. Lemba choncho kaye, Tadala, kuti funso lawo ndaliyankha: munsi waoneka. Usaikemo zokometsera zako za kusukulu, agogo ako aakulu amadziwa mmene ndimayankhulira. Achemwali a Esitere, ndine mng'ono wanu Fanesi, kuno ku Tembisa, ku Joni. Mwana wanu Yohane wandiuza pa foni kuti chimvereni zoti akandijambula m'mutu simukudya, mukungokhala pakhonde n'kumati mutu ukundipwetekawu ndi ntchito ya manja anu. Ndiye mverani bwino, mdzukulu wanuyu akulemba zonse.

Ndikukumbukira tsikulo kuposa inu, chifukwa mutu unali wanga. Unali m'mawa, kwathu ku Ntcheu, nyengo yozizira titangokolola. Inu ndi malemu Velina wa kwa amalume munkakonola chimanga mumtondo umodzi, molandizana, wina akakweza wina akutsitsa. Pansi pankanjenjemera mpaka kumvekera m'mapazi. Chimanga chonyowa chija chinkanunkhira, madeya atakumatirani m'mikono. Ine ndinali kamwana, mutu wanga unkangofika pamlomo pa mtondo. Ntchito yanga inali kuingitsa nkhuku ndi kutola njere zodumphira pansi. Ndinatola zodzaza dzanja n'kuziponya mumtondo. Zikanathera pomwepo bwenzi lero tilibe nkhani. Koma ndinafuna kuona ngati zafika. Ndinasuzumira.

Phokoso lake sindinalimve. Ndinangoona nkhuku zachuluka, kenaka ndili chagada, amayi andiweramira. Anandimeta ndi lumo la abambo, anadina ndi chala chachikulu pamene panalowa, n'kunditema timphini. Atatero anandifunsa, "Fanesi, mbatata udya?" Ndinati ndidya. Iwo anati, "Ndiye ali moyo uyu." Chipatala chathu chinali chomwecho. Inu munali mutathawira m'munda wa nandolo. Anakakupezani dzuwa litapendeka, mukulira, munsi udakali m'manja.

Kuyambira pamenepo chilichonse changa chinali cha munsi. Ndikaswa mbale, munsi. Ndikapsereza ndiwo, munsi. Kusukulu abambo anati ndisapite, zilembo zizidzatulukira pobookapo. Tsiku limene ndinavomera kukwatiwa ndi a Filipo munandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kuyamba kupepesa. Ndipo inu simunasinjenso ndi munthu mumtondo umodzi moyo wanu wonse. Ngakhale pa maliro, amayi onse akulandizana, inu muli panokha poteropo. Ndinkaona, achemwali. Mtsuko wanganso munkandisenzera, koma pamenepo sindinkadandaula.

Tsopano za kuno. Mutu unayamba kundiwawa nyengo yozizira ino, apa pamphumi ndi kuseri kwa maso, ndikawerama ngati wina wakhalapo. Mapilisi a kukiliniki anakanika, ndiye anatitumiza kuchipatala chachikulu. Mwana wanga, mayi ake a Tadala, anapempha tsiku kwa madamu awo ku Bedfordview, tinakwera takisi. Makina ake amati sikani. Anandivulitsa duku, ndolo, ndi mano anga oikirira omwe, moti munthu amalowamo alibe ulemu uliwonse. Amakugoneka pakabedi kopapatiza, mutu n'kuumanga ndi lamba, kenaka kabediko kamayenda kokha n'kukulowetsa m'chinthu chobooka pakati. Ndinachiyang'ana bwinobwino, achemwali. Ndi mtondo. Woyera, waukulu, wougoneka cham'mbali, koma mtondo. Ndinati kachiwiri tsopano kulowetsa mutu mumtondo, ndipo ulendo uno andiuza okha. Chimangolira chapansipansi ngati chigayo chakutali. Sichipweteka. Anesi amakuuza kuti usagwedezeke, iwo n'kuthawira kuseri kwa galasi.

Titapita kukamva zotsatira, adokotala, kamtsikana koti ukhoza kukatuma madzi, anationetsa pa kompyuta. Mutu wanga anaudula mapisimapisi ngati buledi, ine ndili pompo ndi mutu wanga. Analoza pamwamba pamene fupa linalowa ngati poto wogwa pansi, n'kufunsa m'Chizungu ngati ndinachitapo ngozi ya galimoto. Ndinati ayi, ndi a Esitere. Mwana wanga anavutika kumasulira munsi, mpaka anaimirira n'kuyamba kusinja m'malere. Adokotala anati aa, kwawo ku Limpopo ziliko.

Nkhani yanu ndi iyi tsopano. Tadala, apa ulembe ndi zilembo zikuluzikulu. Anati fupalo linapola kalekale, silikukhudza kanthu. Ubongo uli wonse, palibe chinatayika. Ndinawafunsanso, ndinati onani bwino pansi pake. Anati palibe. Chikundipweteka ndi mamina akale amene atsekera m'timapanga ta kuseri kwa mphuno, ndipo akuti fumbi la kuno ndi utsi wa parafini amene timaotha m'kachipinda kathu ka kuseri ndi zimene zikuwonjezera. Anandipatsa mapilisi ndi mankhwala opopera m'mphuno. Dzulo ndinachapa osamanga nsalu pamphumi.

Ndiye mwamva. Maminawo ndi a ku Joni, si anu. Mbale zija ndinkaswa ndekha. A Filipo ndinawasankha ndi mutu wathunthu, Mulungu awasunge komwe aliko. Zaka zonsezi mwakhala mukulirira nzeru zimene sizinatayike. Zinalipo zochepa chomwecho chibadwire.

Masiku ano ufa umabwera m'pepala kuchokera ku sipaza, kagolosale ka kuno. Tadalayu munsi sanaugwirepo, akuti anauona pa foni. Amayi ankayeza mutu ndi chala ndi mbatata, awa akuyeza ndi chimakina chodzaza nyumba, koma yankho latuluka lomwe lija: ali moyo uyu. Kungoti inu simunalimve, munali mu nandolo.

Idyani, achemwali. Yohane, ngati ukuwerenga ndiwe, uuze mkazi wako awaphikire phala la nsinjiro, ndipo uime pomwepo mpaka amalize. Chithunzicho ndidzabwera nacho pa Khirisimasi mudzaone dzanja lanu. Munali ndi mphamvu.

Ukulira chiyani iwe Tadala? Pukuta foniyo. Usawerengenso ayi, tumiza pompano dzuwa lisanalowe kumudzi, asagonenso ndi njala.